A Zgambo ndi Fosifeti Wawo

A Maclean Zgambo anabadwira m'mudzi wina kuseri kwa Champhira. Ali mwana ankafuna kudzakhala dalaivala wa malole onyamula matabwa ku Chikangawa, koma masamu anawasokonezera. Ankakhoza kwambiri moti aphunzitsi awo ku Embangweni anawakankhira ku sekondale, kenako ku yunivesite, mpaka anapezeka ali kunja kwa dziko, komwe anakhala mpaka kumera imvi.

Ntchito yawo inali ya kafukufuku m'labotale. M'thupi la munthu muli mapuloteni otchedwa makayinezi, amene amamata kachidutswa ka fosifeti pa mapuloteni anzawo kuti ayambe kapena aleke kugwira ntchito. Palinso ena, mafosifatezi, amene amabwera m'mbuyo n'kumatula kachidutswako. A Zgambo anayamba ndi omatawo, n'kusamukira kwa omatula, ndipo anakathera ku mankhwala olimbana ndi mavayirasi, poti ena mwa mankhwalawa sagwira ntchito mpaka makayinezi atawamata fosifeti.

Zonsezi anafotokozerapo mlongo wawo wamkulu, a Bessie, chaka china atabwera kutchuthi. A Bessie anamvetsera mwaulemu akutong'ola chimanga, koma liwu limene analizindikira linali limodzi lokha, fosifeti, chifukwa mlangizi wa zaulimi ankalitchula. Sabata lisanathe, amayi onse a kutchalitchi anali atadziwa kuti mwana wa kwa Zgambo amapangira azungu feteleza.

Akazi awo atamwalira, ana nawo atakhazikika kunja komweko, a Zgambo anapuma pantchito n'kubwerera kumudzi. Anafika mvula itatsala pang'ono kugwa. Anthu anabwera ambiri kudzawalonjera, ndipo iwo anadabwa kuona kuti pafupifupi aliyense wapana thumba lopanda kanthu m'khwapa. Ena, amene anangomva kuti munthuyo ndi dokotala, anabwera ndi mano owawa. Mkulu wina anakoka ng'ombe yotsokomola kuchokera kutsidya kwa dambo.

Alendo atachepa, a Zgambo anafunsa mlongo wawo za matumbawo.

"Mbwenu akudziwa kuti simungabwere chimanjamanja," anatero a Bessie. "Zaka zonsezi mukupanga fosifeti."

"Ine sindinapangepo ngakhale wodzaza supuni."

"Nanga mumachita naye chiyani, adumbu?"

"Ndimaona komwe akupita."

A Bessie anawapempha, ndapota, kuti zimenezo asauze anthu.

Koma a Zgambo sakanatha kukhala ndi mbiri yabodza. Anapempha abusa kuti awapatse mpata mapemphero akatha, ndipo Lamulungu lotsatira anaima kutsogolo atanyamula mapegi oyanikira zovala. Anaitana akulu a mpingo awiri. A Mtonga anawauza kuti akhale kayinezi, azipana pegi pa jekete ya mlembi wa mpingo; pegi ikapanidwa, mlembiyo ayende. A Shaba akhale fosifatezi, azichotsa pegiyo. Ikachoka, mlembi aime. Chimene mlendoyu sankadziwa n'chakuti akulu awiriwa anali pamkangano wakalekale wa malire a munda.

Poyamba zinayenda bwino. Koma a Mtonga ataona kuti chilichonse chimene aika a Shaba akuchotsa, anayamba kupana mapegi awiriawiri, ena pakolala, ena kumsana. A Shaba anavula jekete yawo n'kuyamba kuzula ndi manja onse. Mlembi, munthu wofatsa wa thupi lalikulu, ankayenda, kuima, kuyendanso, thukuta lili kamukamu, mpaka anakagunda benchi ya kwaya. Abusa anayambitsa nyimbo kuti zinthu zizizire. A Zgambo anayesa kunena kuti m'thupi zimakhaladi choncho, kulimbana kosatha, koma palibe anawamva. Anthu anatuluka akunena kuti chiphunzitso chinali chabwino chomene, ndipo kuti a Shaba ndiwo analakwa.

Masanawo a Zgambo anakhala pansi pa mtengo wa mango ali okhumudwa. Kunabwera alamu awo, a Lyford, amuna a a Bessie, n'kukhala pambali. Anayamba ndi nkhani ya mvula, kenako ya mbuzi, ndipo pomaliza anatulutsa kabotolo m'thumba la malaya. Anali mankhwala a ma-ARV. Anafunsa ngati amenewa ndiwo a Zgambo ankapanga.

A Zgambo anati ayi. Mankhwala amene iwo anathera nawo zaka zambiri ankagonjetsa kachilombo bwinobwino m'timbale ta m'labotale, koma atawayesa pa makoswe anawononga chiwindi, ndipo ntchito inathera pomwepo. Chimene chinatsala ndi zimene anaphunzirapo, zomwe ena anapitiriza nazo. A Lyford anapukusa mutu, n'kupepesa ngati pamaliro, ngakhale sizinadziwike ngati ankapepesa alamu awo kapena makoswe.

Kenako ananena chimene anabwerera. Iwo ankamva bwino m'thupi, choncho mapiritsi ankamwa akakumbukira, makamaka akamva kuti kwazizira.

"Alamu," anatero a Zgambo, "ena mwa mankhwala ali m'piritsimo amalowa m'thupi ali mtulo. A Mtonga a m'thupi mwanu ndiwo amawadzutsa ndi pegi ija, n'kukatsekereza kachilombo kuti kasaswane. Koma amatha mphamvu. Mukadumpha masiku, kachilombo kamapeza mpata, n'kuphunzira kuwazemba."

A Lyford anafunsa ngati munthu sangachite kumwetsa a Shaba a m'thupiwo kanthu kuti agone. A Zgambo anaseka koyamba chibwerereni, n'kuyankha kuti funso limenelo linawadyera zaka za unyamata wawo. M'mawa mwake anawaperekeza kuchipatala kuti akaonane ndi namwino, ndipo kuyambira pamenepo a Lyford sadumphitsanso.

Lero a Zgambo akadali kumudzi komweko. Amene anali ophunzira awo kunja amawaimbirabe foni ya kanema kuti awathandize maganizo, koma netiweki imagwira pamwamba pa chulu chokha, kuseri kwa khola. Tsiku lina kutagwa mvula anaterereka ali mkati mofotokoza, ndipo asayansi a kutali aja anatsala akuyang'ana mitambo, kenako mphuno ya ng'ombe imene inabwera kudzanunkhiza foniyo. A Lyford atamva, anasema makwerero pachulupo, n'kumangapo kabenchi ndi kadenga ka udzu. Nthawi ya foni ikakwana, iwo amakwera nawo n'kukhala kumapeto kwa benchi, ndipo azungu akamalankhula amavomera ndi mutu, nthawi zina n'kunena kuti yewo.