Mabedi Amene Alamu Anga Ankanyamula

Alamu anga, amuna a achemwali anga aakulu, anayendetsa lole ya unduna kuyambira ndili kamtsikana mpaka imvi zinawatuluka m'makutu. Anzawo ankawatcha a Giyawani, kunena giya yoyamba ya galimoto, chifukwa pamsewu sankadziwa kuthamanga. Ine ndinkawaseka kuti tsiku lina nkhuku idzaikira dzira pa tayala lawo ali paulendo, iwo n'kumangoti, "Mlamu, iwe ukadzagula yako udzaiulutse." Sankamwa mowa, sankakangana ndi munthu, ndipo akafika kunyumba ankayamba apukuta nsapato asanapereke moni.

Nyumba imene ankakhala inali ya boma, kumalayini a ogwira ntchito: zipinda ziwiri zogona, kakhonde, mpopi panja. Ana awo onse anabadwira momwemo. Achemwali anabzala magwafa kuseri, ndipo simenti ya pabalaza ankaipukuta mpaka munthu kuopa kupondapo. Kunali mphekesera yoti amene agwira ntchito nthawi yaitali adzaloledwa kugula nyumba zimenezi akamapuma, ndiye banja lonse linkapumira pa mphekesera imeneyo. Alamu anali atatsala pang'ono kupuma.

Ntchito yawo inali yotere. Unduna unkamanga zipatala zazing'ono m'madera akutali, ndipo makoma akangoima, penti n'kupakidwa mbali yoyang'ana kumsewu, nduna inkapita kukadula riboni. Koma chipatala chopanda kanthu mkati sichioneka bwino pa kanema. Choncho dzulo lake alamu ankakweza katundu amene kuofesi ankamutcha "woonetsa": mabedi achitsulo, matiresi osachotsa pulasitiki, makatani, sikelo ya makanda, miphika ya maluwa, ngakhale silinda ya mpweya yopanda mpweya. Ankakayala zonse bwinobwino. Anamwino nawo anali obwereka, ankabwera pa minibasi atavala zoyera. Nduna ikangochoka, fumbi la magalimoto lisanakhazikike, katundu ankakwezedwanso kupita kotsegula kwina.

Pa zimenezi alamu anali katswiri, ndipo zimandipweteka kunena kuti ankanyadira. Ankakulunga miyendo ya mabedi ndi nsanza kuti penti isakalike. Maluwa ankawathirira panjira ndi madzi awo akumwa. Ine, amene ndimagulitsa zovala pamsika ndipo pakamwa panga palibe chitseko, ndinawafunsapo ngati sachita manyazi kunamiza anthu odwala. Anandiyankha kuti iwo ndi matayala chabe, akapita kumene chiwongolero chaloza, ndipo mabedi enieni akuti ali m'njira. Ndinawauza kuti ngati mabediwo akuyendetsedwa ndi munthu ngati iwo, ndiye adzafika tonse titafa. Anaseka, achemwali n'kundiponyera chinsanza.

Tsiku limene linawasintha linayamba ngati ena onse. Riboni inadulidwa, anthu anaomba m'manja, nduna inalengeza pa chimkuzamawu kuti kuyambira lero palibe adzayendenso mtunda wautali kukafuna mankhwala. Anthu akumeneko anakhulupirira, nanga akanaleka bwanji, mabedi atawaona ndi maso awo? Alamu ndi anzawo okweza katundu akumasula makatani, kunafika bambo wina akukankha wilibala, muli mayi ake. Mayiwo anali atagwa m'munda, pakamwa patapotoka, mbali imodzi yosagwedezeka. Bamboyo sanafunse munthu. Analowa, n'kuwagoneka pa bedi loyamba limene analiona, kenako n'kuyamba kuitana anamwino. Minibasi ya anamwino n'kuti itapita kale.

Woyang'anira katundu, mkulu wa kuofesi amene ankayenda nawo, anati bedi limenelo likufunika mawa mmawa kotsegula kwina, awatsitse mayiwo. Alamu anayang'ana mayiwo. Kenako anauza anzawo kuti bedi likwera, koma likwera ndi mwini wake. Analinyamula mayiwo ali pomwepo, n'kuliika mu lole pakati pa miphika ya maluwa, alamu n'kulimanga ndi zingwe zawo zomangira katundu. Bamboyo anakhala pambali atagwira mutu wa mayi ake. Woyang'anira anakalipa kuti galimoto ya boma sinyamula anthu wamba, koma anakalipira fumbi.

Amene anali nawo amanena kuti tsiku limenelo lole inathamanga moti miphika inasweka. Sizinathandize. Atafika pachipatala chachikulu n'kutsegula kumbuyo, bamboyo anali atawafunditsa kale mayi ake katani kumaso.

Mmawa mwake bedi lomwelo linaima m'chipatala china chatsopano, pulasitiki ya matiresi ataipukuta. Alamu anaonerera pawindo nduna ikulisisita, ikuuza atolankhani kuti awa ndi mabedi amakono. Atabwera kunyumba sanapukute nsapato. Anakhala pakhonde, chakudya chinazizira, ndipo achemwali anabwera kumsika kudzandiuza kuti bambo a kunyumba asiya kulankhula.

Nkhani siinafere pomwepo, chifukwa bambo wa wilibala uja anapita ku wailesi. Ofufuza ndalama za boma nawo anapeza kuti chipatala chilichonse chinagulidwa mabedi akeake pa mapepala, pamene m'zipatalamo munkagona mbuzi. Komiti ya aphungu yoona za chuma cha boma inaitana nduna kuti ikafotokoze, ndipo inaitananso woyendetsa lole.

Mpamene abwana a zamayendedwe anakumbukira kumene alamu amakhala. Anabwera Loweruka masana, ine ndilipo, n'kukhala pa mpando wabwino wa pabalaza. Anayamikira simenti ya achemwali, anayamikira magwafa, anafunsa ngati denga silidontha. Kenako anati zingakhale zachisoni munthu kutaya nyumba yokongola chonchi atatsala pang'ono kupuma. Anati kukomiti sikufunika nkhani zambiri, munthu amangoti ine ndinkapereka katundu, zina sindikudziwa. Anatsanzika mwaulemu kwambiri.

Atangotuluka ndinaphulika. Ndinati akanene zonse, akawavule pagulu akubawo. Achemwali ananditembenukira ndi maso amene sindinawaonepo chibadwire.

"Iwe uli ndi chipinda chimodzi cha lendi ndi mabelo ako a zovala," anatero. "Akatithamangitsa muno, udzatigoneka pa belo?"

Achemwali sankaikira kumbuyo akuba. Moyo wawo wonse anauthera m'makoma amenewo, ndipo mwana wawo wamkazi anali atangobwerako ku ukwati ndi ana ake, onse ali momwemo. Alamu anangomvetsera tonse awiri, kenako anadzuka kukatsuka malaya awo oyera okha.

Kukomiti ndinapita nawo, achemwali anakana. Chinali chipinda chozizira, matebulo atazungulira, aliyense ndi botolo la madzi patsogolo pake. Nduna inalankhula koyamba, ndipo pakamwa inali nayo, ndisaname. Inati iyo imapanga mfundo, siiwerenga mabedi. Inati ngati panali chinyengo, chinachitika pansi, iyo inanamizidwa ngati wina aliyense, ndipo mtima wake ukuwawa kuposa wa tonse. Aphungu ena anagwedeza mitu movomereza. Ine magazi anandiwira, ndinaluma mpango.

Kenako anaitana alamu. Anayenda pang'onopang'ono monga mwa nthawi zonse, chipewa chili m'manja. Wapampando anawafunsa ngati ankapereka mabedi atsopano pa chipatala chilichonse. Anayankha kuti mabedi anali omwewo, ankangowatsitsa ndi kuwakweza. Anawafunsanso ngati akuganiza kuti nduna inkadziwa zimenezi. Apa anaweramira chipewa chawo, mpaka ndinaganiza kuti nyumba yapambana, ndipo sindikanawada. Koma anatembenuka, n'kuyang'ana nduna, osati wapampando.

"Olemekezeka, mukundikumbukira. Munandiitana nokha kuseri kwa tenti. Munati makatani obiriwirawa aoneka kokwanira pa kanema, anthu ayamba kuwazindikira, ulendo wina ndibwere ndi amtundu wina. Ndinabwera ndi achikasu. Ndi amene anafunda mayi aja."

Nduna inatsegula botolo la madzi koma siinamwe. Loya wake anaimirira kunena kuti awa ndi mawu a munthu mmodzi, opanda umboni. Alamu anati n'zoona, anali okha, ndipo anakhala pansi.

Madzulo ake anaoneka pa kanema, ndipo kwa masiku angapo anthu ankawagwira chanza pamsewu. Ena ankawatcha ngwazi. Amenewo onse sindinawaonenso pambuyo pake. Komiti inati ilemba lipoti. Nduna anaichotsa pa unduna uja n'kuipatsa wina, moti pano imatsegula milatho. Aphungu ena akuti akulimbikirabe kuti nkhaniyi ipite kukhoti, ndipo ndimawapempherera, koma mpaka lero ikadali pa mawu akuti tikuunika.

Kwa alamu zinthu sizinachedwe chomwecho. Mwezi usanathe anawaitanira kuofesi, ku bwalo la mwambo wa ntchito. Za makatani sanazitchule n'komwe. Mlandu unali woti ananyamula munthu wosaloledwa pa galimoto ya boma, anayendetsa mopyola liwiro, ndipo anawononga miphika ya maluwa. A Giyawani, mlandu wa liwiro! Nditamva ndinaseka mpaka kusekako kunasanduka kulira.

Abwana aja anawatengera pambali n'kuwauza kuti khomo silinatsekeke. Akangonena poyera kuti za kuseri kwa tenti anasokoneza chifukwa cha ukalamba, mlandu utha, nyumba ikhala yawo. Alamu anapempha kuti akafunse kaye kunyumba. Anafika ine ndili pompo, n'kuwauza achemwali zonse, osabisa kanthu, ndipo anati chimene anene iwo n'chimene achite, poti nyumbayo anaisamala ndi iwo.

Achemwali anali akusita. Anapitiriza kusita malaya amodzi omwewo mpaka ndinaopa kuti apsa. Kenako anaimika simbi.

"Munasokonezadi?"

"Ayi."

"Ndiye mukundifunsiranji? Mukufuna bodzalo likhale langa?"

Analowa kuchipinda, n'kutseka chitseko, ndipo tinawamva akulira ngati pamaliro. Atatuluka anandituma kumsika kukapempha makatoni kwa anzanga.

Alamu sanasinthe mawu, nyumba inapita, ndipo pano tonse tili kwanga. Mabelo ndinawasamutsira kwa mnzanga, ndinatchinga chipinda ndi nsalu, ana amagona pansi pa tebulo. Alamu amayendetsa kalole ka munthu wina konyamula mchenga, ndipo za penshoni akuti zidikire mlandu. Achemwali sawanena, komanso sanabwererenso kumalayini kuja ngakhale kukaona anzawo. Akakhala ndi ulendo wa mbali imeneyo amazungulira njira yakumtunda, yaitali, ndi miyendo yawo yotupayo.

Tsiku lina ndinawafunsa alamu ngati amadandaula kuti analankhula. Ndinkafuna anene kuti ayi, kuti mtima wanga ukhale pansi, poti ndine ndinakuwa kwambiri kuti akanene. Anayang'ana achemwali, amene anali atagwada pakhomo akuchapa zovala za adzukulu m'beseni la eni nyumba.

"Ndimadandaula tsiku lililonse, mlamu," anatero. "Koma akadzandiitananso ndidzanena zomwezo."

Achemwali anamva. Sanadzutse mutu, anangowauza kuti asunthe phazi, madzi akudutsa.