Tsiku Limene Bambo Anachita Odi Pakhomo Pawo

Mayi anga ankaopa chinthu chimodzi: kuti bambo akadzamwalira, abale a bambo adzawathamangitsa m'nyumba yathu ya ku Kanyama. Sanali mantha achabe. Anaona ndi maso awo mnzawo woyandikana naye atakhala pa katundu m'mbali mwa msewu, anthu asanamwazikane n'komwe pa maliro a mwamuna wake. Komanso bambo aang'ono akabwera kudzacheza ankayendera bwalo lathu manja ali kumbuyo, n'kumati apa pangakwane zipinda za lendi. Ine mtima unkawira, ndipo tiyi wawo ndinkamubweretsa atazizira.

Bambo anali mmisiri wa malata, ankakhoma ndowa ndi mbaula, ndipo nkhani za imfa sankafuna n'kuzimva komwe. Koma atagonako m'chipatala anatulukamo ali munthu wina. Anatenga mayi kupita nawo kukhonsolo kukasintha dzina la mwini nyumba kuti likhale la mayi, loya n'kuwalembera wilo ya zinthu zotsalazo. Tinkaganiza kuti basi zatha, koma a shehe akumzikiti anawauza kuti mphatso imene woperekayo akadaigwirabe si mphatso. Iperekedwe m'manja, anthu akuona.

Bambo sankadziwa kuchita zinthu mwatheka. Lachisanu atachoka kokapemphera anabwera ndi a shehe, bambo aang'ono ndi anthu oyandikana nafe. Analongedza zovala m'chikwama, anapatsa mayi makiyi, n'kutuluka. Inali nyengo ya mvula, bwalo lonse matope, ndiye anaima pa njerwa zimene tinkapondapo, chikwama chili paphewa ngati munthu wongotsika basi. Mayi anakhoma chitseko, ine ndili nawo m'kati.

Bambo anachita odi. Mayi anafunsa pawindo kuti ndi ndani, bambo n'kuyankha kuti ndi mlendo wofuna malo. Mayi anafunsanso ngati mlendoyo amaliza nkonono, ndiponso ngati asiye kukhoma malata anthu asanadzuke. Panja anthu anafa nacho chiseko. Ndinasangalala kwambiri a shehe atatembenukira bambo aang'ono n'kuwafunsa kuti nyumbayi ndi ya ndani.

"Ni ya bamulamu," anatero, aliyense akumva.

Bambo anachitanso odi, mvula n'kuyamba kuwaza, koma chitseko sichinatseguke. Panja ankaseka poganiza kuti nthabwala ikupitirira. Ine ndinkawaona mayi atatsamira chitsekocho, makiyi atawafumbata, misozi ikutsika kwinaku akumwetulira. Ndinawanong'oneza kuti bambo anyowa.

"Leka banyoweko pang'ono, mwana wanga," anatero mayi. "Nifuna nimveleko mwamene cimamvekela, kuti palibe angalowe muno ngati sininakambe ine."

Anapukuta nkhope ndi chitenje, anatsegula, n'kuwauza bambo kuti alowe, koma nsapato za matopezo azisiye panja.