Nsapato za Ufulu Zinatsala Chifukwa cha Dziwe la Ndere

William Kachingwe anapita ku Joni mwana wake Ufulu akukwawa. Kwa zaka zambiri ankagwira ntchito m'nyumba za ku Bedfordview, kupha ndere m'maiwe osambiramo. Lero amalima ndere pa kampani ina yaing'ono kufupi ndi Germiston. Amazikolola ndi sefa, kuzifinya, n'kuziyanika mpaka zisanduke ufa wobiriwira wothira m'chakudya cha nkhuku.

Ndere sizifuna madzi ogona. Gudumu lamagetsi limavundula dziwe, ndipo likaima dzuwa likuswa mtengo, ndere zimadikha n'kuyamba kufa. Kumapeto kwa sabata William amatsala nazo yekha, wopanda womulankhula.

Lamlungu lina Newton, mnzake amene anabwera naye ku Joni, ankabwerera kumudzi osadzabweranso. Wopita kumudzi amasenza katundu wa anzake, choncho William anagulira Ufulu nsapato za kusukulu. Muyezo wake unali kachingwe kamene mayi a mwanayo anayeza nako phazi n'kumutumizira. Anapangana ndi Newton kuti akazipereke ku Katlehong masana, galimoto isananyamuke.

Akutseka geti la pakampanipo kuti azipita, magetsi anazima. Jenereta inali itafa kalekale. William anaimirira pang'ono, kenako anaika jumbo ya nsapato pamthunzi, natola thabwa, nayamba kuvundula madzi akuyenda m'mbali mwa dziwe.

Foni inalira.

"Akulu, muli pati?" anafunsa Newton. "Adalaivala amanga kale katundu."

"Ndikuvundula ndere, achimwene. Magetsi apita."

"Kale munkazipha, lero mukuzilera ngati khanda. Zisiyeni, sizilira."

"Zikafa, ntchito yanga yafera pomwepo."

"Nanga mwana ndikamuuze chiyani? Wauza kale kalasi yonse."

William anayang'ana madzi obiriwirawo. "Mukamuuze kuti zilipo, zakuda, za lamba. Mukamuyezenso phazi."

Newton anaseka pang'ono, koma kusekako sikunafike patali. "Tsalani bwino, akulu."

Magetsi anabwera dzuwa litapendeka. Gudumu linayambanso kuzungulira, ndere zili moyo, manja a William ali matuza okhaokha.

Atafika m'kanyumba kake ka malata ku Makause, anatulutsa nsapato zija n'kugoneka kachingwe m'kati mwa imodzi. Kanakwana ndendende. Koma wina wopita kumudzi sankamudziwa, ndipo phazi la mwana silidikira. Anazibwezera m'jumbo, nazipachika pamsomali kuti makoswe asazipeze.