Kagudumu kofiira ka m'kabati

M'buku langa la zochitika za tsiku ndi tsiku muli masamba ena amene zilembo zake n'zokhotakhota. Ndinkalemba nditavala magolovesi. Inali nyengo yathu yoyamba yachisanu kutsidya kwa nyanja, ku Mulhuddart, abambo akuchita maphunziro awo kuyunivesite, ine ndili ndi zaka khumi ndi zitatu, ndipo mng'ono wanga wa zaka zitatu atagonekedwa kuchipatala cha ana ku Crumlin chifukwa cha chifuwa.

Nyumba inali ya lendi. Eni ake anatipatsira makiyi pawindo la galimoto, injini ikulira, n'kunena kuti zonse n'zosavuta. Sanatsike n'komwe. Boyila tinaipeza tokha kukhitchini, chibokosi choyera chotenthetsa madzi amene amazungulira m'mapaipi mpaka m'marediyeta a m'zipinda. Poyamba inkagwira bwino. Kenako marediyeta a m'zipinda zam'mwamba anayamba kulira ngati m'mimba mwa munthu wanjala, akumafunda m'munsi mokha, mpaka ya kuchipinda kwathu inangoti zii. Kuseri kwa bedi la mwana khoma linachita nkhungu yakuda.

Anamwino anauza amayi kuti mwana atuluka Lachisanu, koma asakagone m'chipinda chozizira ndi chachinyezi, apo ayi abwereranso. Apa n'kuti titadikira pulambala milungu itatu.

Abambo sankafuna kuvutitsa eni nyumba. Akaimba foni ankayamba ndi kufunsa ngati ana adzuka bwino, kenako kupepesa, nkhani ya boyila n'kubwera kumapeto. Yankho linali limodzimodzi: pulambala abwera mawa. Paliponse pamene basi ya kusukulu inkadutsa pankamangidwa nyumba, ndipo mapulambala onse anali kumeneko, kuika mapaipi m'nyumba zimene munalibe ndi munthu mmodzi yemwe. Tsiku lililonse lolonjezedwa amayi ankakonzeka ngati kukubwera apongozi. Kukolopa, kukazinga mandasi, kutulutsa makapu a alendo. Mandasiwo tinkadya tokha.

Pulambala anabwera Lachinayi masana, ine nditangoweruka. Abambo anali kuchipatala kuti amayi adzapumeko. Amayi anamulonjera ndi manja awiri, anamulozera mpando. Iye anangogwedeza mutu, n'kukwera masitepe ndi nsapato zamatope.

"Iwe, tiye," anatero amayi. "Chizungu cha kunochi chimathamanga, uzindiuza."

Pulambalayo anagwira rediyeta imodzi, kenako anatsegula kabati momwe muli thanki ya madzi otentha, momwe tinkasungamo matawulo. Anapisa dzanja kuseri kwa thankiyo.

"Watseka apa ndani?"

Ankaloza kagudumu kofiira ka papaipi. Ine ndinkadziwa amene anatseka. Kwathu ku Zomba madzi ankasiya osachenjeza, n'kubwerera anthu atachokapo, ndipo tsiku lina tinapeza nyumba yasanduka dziwe chifukwa cha mpopi woiwalika. Kuyambira pamenepo amayi sankalekerera chilichonse cha madzi chili chotsegula popanda chifukwa. Sabata yoyamba m'nyumba muno anazungulira paliponse. Atatseka kagudumuko anayesa mipopi yonse, madzi ankatuluka bwinobwino, ndiye anati n'kopanda ntchito. Ine ndinawagwirira matawulo tsiku limenelo.

Ndinafuna kunena kuti tinakapeza choncho. Koma amayi anali ataona chala chake.

"Auze kuti ndine. Ndimaopa madzi angatayike."

Ndinanena. Pulambalayo anaseka mpaka kugwira chitseko. Anati kagudumuko n'kamene kamalowetsa madzi m'mapaipi a marediyeta kuchokera m'kathanki ka kudenga. Kakatsekedwa madzi amachepa pang'onopang'ono, mpweya n'kulowa m'malo mwake. Foni yake inalira, ndipo anafotokozera mnzake amene anaimbayo nkhani yonse tili pomwepo. Anthu awa, anatero. Anthu awa amatseka hita yawo okha kenako n'kumalira kuzizira.

"Akuti chiyani?" anafunsa amayi.

"Akuti akonza."

Mpaka lero ndikakumbukira nkhope imanditentha. Tikanadziwa bwanji? Pakagudumupo panalibe chilembo. Munthu amene akanatiuza sanathe kutsika m'galimoto. Amayi anga, amene anaphunzitsa masamu zaka zambiri, anaima pamenepo atagwira thawulo, akusekedwa m'nyumba imene anaikolopa chifukwa cha pulambalayo. M'bukumu ndinamulemba kuti iye, osati iwo, ngakhale anali msinkhu wa abambo, ndipo sindinafufute.

Anatsegula kagudumuko, madzi anamveka akuyenda. Anatulutsa kakiyi kakang'ono m'thumba, n'kupotokola pakona ya rediyeta ya kuchipinda kwa makolo. Mpweya unati fyuu, kenako tinadontha timadzi takuda. Anabwezera kakiyiko m'thumba.

"Enawo muchita nokha. Akundidikira kwina."

Ine kusukulu sindinkakweza dzanja ngakhale yankho ndikulidziwa. Sindikudziwa chimene chinandiimika pamwamba pa masitepe, pomwe amayenera kudutsa.

"Chipinda cha mwana simunachite. Akutuluka mawa kuchipatala."

Anandiyang'ana, n'kuyang'ana wotchi.

"Ngati mulibe nthawi mundionetse. Kakiyiko ife tilibe."

Kuseka kunatha, koma pepani sanamunene. Analowa m'chipinda chathu, n'kuona kabedi ndi khoma lija. Kenako anandipatsa kakiyiko. Ika kansanza pansi pake, anatero. Potokola pang'ono chabe, usamasule konse. Dikira mpweya uthe, madzi akangotuluka tseka. Ndinachita monga ananenera. Anati kakiyiko ndisunge, ali nato tambiri.

Pakhomo amayi anamupatsa mandasi atakulunga papepala, ndi manja awiri. Analandira. Izi n'zimene zinandipsetsa mtima koposa.

"Amayi, amakusekani," ndinatero chitseko chitatsekeka.

"Ndinamva. Ukuganiza kuti kuseka kumafuna wondimasulira?"

"Nanga mandasi?"

"Anali m'nyumba mwanga. Achoke osadya? Tenga bulichi titsukire nkhungu, khoma lija likutidikira."

Marediyeta otsalawo ndinatulutsa mpweya ndekha, imodziimodzi. Kenako ndinakhala pansi m'chipinda chathu, chikhatho chili pachitsulo, ndikumva kutentha kukukwera mpaka kufika pamwamba. Amayi anang'amba kansalu kuchitenje chakale n'kumanga pakagudumu kaja, kuti dzanja lawo likadzafikapo lidzakumbuke. Abambo atamva zonse anaimbira eni nyumba kuwathokoza. Ndinatuluka panja kuti ndisamve.

Mwana anafika Lachisanu atamuveka majuzi atatu. Amayi anamukhazika pabedi lake. Anayang'ana uku ndi uku, anatsokomola kamodzi, n'kuyamba kudzivula yekha masokosi. Tsamba la tsiku limenelo zilembo zake n'zowongoka.