Mwana Wachitsulo wa Mayi Ingelise

M'tauni yathu aliyense amadziwa kuti mayi Ingelise Brøndum ali ndi ana atatu. Awiri anakwatiwa ku Copenhagen, likulu la dziko lathu. Wachitatu ndi wachitsulo, ndipo ndi amene wawavutitsa kwambiri.

Ine ndakhala moyandikana nawo kuyambira pamene ndinayamba kuphunzitsa pasukulu ya kumtunda. Nthawi imeneyo fakitale yopanga sitima inali ikadagwira ntchito, ndipo mayi Ingelise ankaphikira amisiri ake. Sitima ikatha kupangidwa, mwambo wake ndi woti mayi mmodzi aiphwanyire botolo la vinyo pamphuno n'kuitchula dzina. Kuyambira pamenepo iyeyo ndiye mayi wa sitimayo, ndipo chithunzi chake chimapachikidwa m'chipinda chodyeramo amalinyero. Ulemu umenewu umagwera akazi a mabwana. Koma chaka china akazi a mwini sitima anaterereka pa ayezi m'mawa wa tsiku la mwambowo n'kuthyoka mwendo. Amisiri anayamba kuimba dzina la Ingelise mpaka mabwana anagonja. Anawatulutsa kukhitchini manja akununkha anyezi, n'kuwaveka chipewa chobwereka chomwe chinkawaphimba diso limodzi. Botolo linasweka ulendo woyamba womwewo, ndipo sitima yaikulu yonyamula tirigu ndi feteleza inatsetserekera m'madzi ili ndi dzina lakuti Bodil Vest.

Amayi ena a sitima amaiwala phwando likangotha. Osati mayi Ingelise. Chaka chilichonse ankaluka zipewa zofiira zaubweya n'kutumizira amalinyero Khirisimasi isanafike. Kenaka fakitale inatsekedwa, sitima inagulitsidwa, ndipo chaka china katoni ya zipewa inabwerera osatsegulidwa. Amuna awo, a Viggo, anaphunzira kuitsatira pafoni. Inasintha dzina, inasintha mbendera, inasinthanso. Nthawi zina inkasowa pamapu kwa milungu.

"Mwana wako wathawanso sukulu," ankatero a Viggo akumwa khofi.

"Ali pamalo popanda netiweki. Inu mukapita kowedza nanga mumayankha foni?"

Mwezi wa Okutobala chaka chatha, injini ya sitima ina yadzimbiri inafa ikudutsa panyanja yathu. Anaikokera kufupi n'kuiimika pa nangula kunja kwa doko. A Viggo atayang'ana pa makina oonera patali anaona kuti pansi pa penti yatsopano zilembo zakale zowotcherera zikuonekabe. Inali Bodil Vest.

Chimwemwe chawo chinatha nyuzi itatuluka. Inalemba kuti sitimayo yakhala ikunyamula tirigu wolandidwa kudziko lina la nkhondo, katundu amene mayiko athu anagwirizana kuti asagulidwe. Inkazimitsa dala kachipangizo kosonyeza pomwe ili, n'kukatsitsa katunduyo kwina ndi mapepala abodza. Boma linaigwira. Eni ake sankayankhanso foni, ndipo amalinyero anatsala m'menemo ndi majekete opyapyala. Kunamvekanso kuti posachedwa aikokera kudoko lalikulu, ndipo ikachoka kumeneko n'kutheka kuti ikaphwasulidwa.

Kogula buledi anthu sanawasiye.

"Mayi Ingelise, mwana munamulera bwanji ameneyu? Wasanduka tsotsi!"

"Ndinamulera bwino. Anamuononga ndi anzake oyenda nawo."

Ankayankha moseka, koma pobwerera anandiuza zomwe zinkawadya. Sankaopa manyazi. Ankaopa kuti sitimayo ichoka asanaikwere n'kuitsanzika, ndiponso kuti mwina m'katimo mulibenso chilichonse chowakumbukira.

Anandipempha ndiwaperekeze kwa mkulu wa doko, Aksel, poti ndinamuphunzitsa ali wamng'ono. Anali mwana wabwino, woopa kulakwa, ndipo sanasinthe.

"Aphunzitsi, mayi Ingelise, khalani pansi. Koma ndineneretu, sizitheka. Kumeneko akupita ndi apolisi, adokotala ndi ife basi."

"Nanga achibale?" anafunsa mayi Ingelise.

"Achibale a ndani? Amalinyero aja ndi a kutali."

"A sitima. Ndine mayi ake."

Aksel anandiyang'ana ngati mmene ankachitira ndikamufunsa samu yovuta. "Mayi, lamulo silidziwa zimenezo."

"Iwe Aksel, bambo ako ndi amene anawotcherera zilembo zija. Unkabwera kukhitchini kwanga mamina ali chuchuchu, ndimakupatsa keke. Lero ukundiwerengera lamulo?"

"Keke ija ndimaikumbuka. Koma sizitheka."

Tinabwerera. Mayi Ingelise sanadandaule. Anatulutsa ubweya wofiira n'kuyamba kuluka, ndipo ine ndinkawathandiza kuukulunga, chifukwa kuluka kunandikana kalekale.

Loweruka masana Aksel anagogoda pakhomo pawo, chipewa chili m'manja.

"Valani zovala zamphepo. Bwato likudikira."

"Lamulo lija lamwalira liti?" anafunsa a Viggo.

"Silinamwalire, bambo. Ndinakwera sitima ija dzulo ndi apolisi. Zimene tinaona, mkulu wa apolisi mwiniwake ndi amene wati ndikawatenge mayiwa. Musandifunse, mukaona nokha."

Ine ndi a Viggo tinawaperekeza. Kukwera makwerero a pambali pa sitima kunali ntchito, koma mayi Ingelise anakana kugwiridwa mkono. Pamwamba anatilandira wophika wa m'sitimamo, bambo wamfupi wa ku Philippines dzina lake Rogelio. Atangowaona nkhope anabwerera m'mbuyo n'kugwira pamtima. Kenaka anathamanga akukuwira anzake m'chilankhulo chawo.

M'chipinda chodyeramo, pamwamba pa tebulo lalitali, panali chithunzi chija: mtsikana wa chipewa chophimba diso, botolo lili m'manja. Anachizunguliza ndi maluwa apulasitiki. Pansi pake panali kanyali ka mabatire, kolona yopempherera, ndi kambale ka maswiti.

"Amayi, pepani," anatero Rogelio, Aksel akumasulira. "Ife timayesa munamwalira kalekale. Ena ankati ndinu woyera mtima wa kuno."

"Woyera mtima? Ameneyu?" A Viggo anaseka mpaka kukhosomola. "Muzibwera kunyumba mudzamve mmene amandilankhulira!"

Rogelio anafotokoza kuti mwini wake watsopano aliyense ankalamula kuti chilichonse chosonyeza mbiri ya sitimayo chichotsedwe. Mapepala anatayidwa, belu analipala dzina. Koma chithunzicho palibe analola kuchigwira. Gulu lililonse la amalinyero pochoka linkauza lobwera kuti Mayiwo asiyeni pomwepo. Kaputeni wina anachitsitsa, ndipo tsiku lomwelo firiji inafa, nyama yonse n'kuwola. Anachibwezera yekha.

"Ndiye kukabwera namondwe timakupatsani moni, timakuikirani switi," anatero.

Mayi Ingelise anayang'ana mtsikana uja. Anapukuta m'maso ndi mpango. Kenaka anayendetsa chala pa felemu n'kuchiyang'ana.

"Fumbi mulibe, mwachita bwino. Koma makatani awa munawachapa liti?"

Amalinyero anaseka, mwina koyamba chigwidwireni sitimayo. Mayi Ingelise anawaika pamzere ngati ana asukulu n'kuveka aliyense chipewa ndi manja awo. Ankawafunsa za akazi awo ndi ana awo, ndiponso ngati adya. Wina wachinyamata ananena mwamanyazi kuti iwo sankauzidwa katundu ndi wa ndani.

"Zimenezo ukawauze apolisi, ndipo ukanene zoona zokhazokha," anatero mayi Ingelise. "Sitima siiba tirigu. Amaba ndi anthu amene sakuyankha foni aja."

Pochoka, Rogelio anafuna kutsitsa chithunzicho kuti mayi Ingelise apite nacho kwawo. Mayiwo anamugwira dzanja.

"Ayi. Mwana wanga wachitsuloyu wakhala nane zaka zonsezi osanditaya. Ndikhala naye mpaka kumene akupitako."

Tsiku lokoka sitimayo, theka la tauni linaima padoko, ngakhale aja ankawaseka kogula buledi. Patali tinkangoona timadontho tofiira titandanda m'mbali mwa sitima, tikukupiza manja. Patapita nthawi bungwe losamalira amalinyero linawathandiza kubwerera kwawo, ndipo Rogelio amatumiza moni pafoni ya a Viggo.

Mayi Ingelise akulukabe. Zipewazo tsopano amapatsa Aksel kuti azigawira amalinyero a sitima iliyonse yoima kuno m'nyengo yozizira. A Viggo nawo apeza chizolowezi chatsopano: akafuna kupita kowedza mitambo itada, amaika switi patebulo patsogolo pa akazi awo n'kuwerama. Mayiwo amadya switiyo n'kuwauza kuti sapita.