Kachitini ka Abiti Bakali

Ku Lungwena palibe amene sawadziwa Abiti Bakali, mayi oyanika usipa kuseri kwa msika. Pokazonda wodwala, iwo sankapita chimanjamanja. Anzawo ankanyamula nthochi kapena sopo, koma iwo ankamanga kachitini kunsonga ya chitenje. M'kachitinimo munkakhala makapisozi, ena otsala akuchipatala, ena ogula kuokala. Munthu akangoti m'mimba mukulira, ankatsegula kapisozi kamodzi n'kumuthirira ufa wake m'phala. Amuna awo, Che Swadick, omwe ndi a kabaza, ankameza awiri akadya kanyenya wa pamsewu, ati kutsuka m'mimba.

Chaka chatha Che Swadick anayamba kutsegula m'mimba kosaleka. Kachitini kanatsala pang'ono kutha, munthu akungofota. Njinga yodyetsa banja inayamba kuchita dzimbiri pakhonde. Kuchipatala cha kuboma mankhwala oyamba anakana, achiwirinso chimodzimodzi.

"Amayi, bambowa amamwa chiyani kunyumba?" anafunsa namwino, dzina lake Benedicta.

Abiti Bakali anamasula chitenje monyadira. "Ine sindilekerera munthu, mwanangu. Ndakhala ndikuwamwetsa awa."

Namwinoyo anapukusa mutu. "Tizilombo ta m'matumbo mwawo mwatizoloweza. Mankhwala omwa mwa apo ndi apo amapha tofooka, n'kupheranso tothandiza tomwe, ndiye totsalato timakula mtima. Watsala mtundu umodzi woti tiyese. Ukakana umenewo, zivuta."

Mayiwo sanalire. Anakayang'ana kachitiniko kanthawi, kenaka anafunsa, "Nanga tothandizato timadya chiyani?"

"Nyemba, nandolo, masamba, mgaiwa. Akatuluka muziwapatsa zimenezo. Koma makapisozi ayi, pokhapokha tawalembera ife."

Mankhwala achitatuwo anagwira. Che Swadick anabwerera kwawo miyendo ili ngati bango, ndipo anapeza kuti m'khitchini malamulo asintha.

"Dzulo chisoso, lero bonongwe," anadandaula tsiku lina. "Abiti, kodi munakwatiwa ndi mbuzi?"

"Mbuzi imakwera phiri osapumira, Che. Inu njinga yomwe ikukukanikani. Idyani."

"Kanyenya pang'ono chabe, wongolawa."

"Mukadzandinyamula ine panjingapo osatsika pamchenga, tidzakambirana."

Bambowo ankadya akung'ung'udza, koma mbale inkabwerera yoyera. Mvula isanagwe anapukuta njinga ija, n'kuthira mafuta patcheni. Woyamba kukwera anali Abiti Bakali, atafungatira lichero la nandolo, ulendo wokazonda mlamu wawo Tikhala. Pamchenga paja njinga inagwedera, koma sanatsike.

Tikhala atalandira licherolo anasuzumira kunsonga ya chitenje. "Alamu, nanga kachitini kaja? M'mimbamu sindikupeza bwino."

"Muli mchere masiku ano," anayankha Abiti Bakali. "Valani mpango, njinga ili panjapo. Che akusiyani kuchipatala, ine nditsale ndikusenda nandoloyu."

Che Swadick analiza belu kawiri. "Fulumirani, alamu. Pobwerera ndili ndi kanyenya wanga woti ndikalawe."