Dazi la Alufeo

Mu 1996 Alufeo anali ndi zaka 38, wosakwatira, wokazinga tchipisi pa Chimbiya.

Boma lakale linkaletsa amuna kusunga tsitsi lalitali. Matipate atabwera, Alufeo anagula chipeso chachitsulo. Chaka chomwecho tsitsi linayamba kuthothoka.

Ine, mnansi wake, sindinadabwe. Mmawa tchipisi, masana tchipisi ndi nyama ya nkhumba yonona, madzulo kachasu. Mafuta a pachiwaya chake ankatha sabata osasinthidwa. Fodya sankachoka pakamwa. Mawondo anatupa, khungu la m'mutu linkayabwa mpaka kufiira. Adokotala anamuuza kuti thupi lake lakhala lotupa mkati nthawi yaitali, ndipo tsitsi silikhala pamutu wotere. Anati asiye mowa, azidya masamba. Alufeo anati masamba ndi a mbuzi.

Tsono panali Magadalena, wogulitsa kabichi tsidya la msewu. Alufeo anamufunsira atavala chipewa, nkhani n'kupita kwa atsibweni ake a mkaziyo, a Ackim. Pamaso pa akuluakulu chipewa chimavulidwa. Alufeo anagula lezala, nameta mpala kuti dazi lisaoneke.

Munali mu Juni. Kuno, ndi chisanu chija, munthu sameta mpala mu Juni ngati sanaferedwe.

A Ackim anauyang'ana mutuwo nthawi yaitali.

"Pepani bambo. Watisiya ndani?"

"Palibe."

"Makolo anu tinaika kale. Abale anu ndinawaona dzulo pamsika, onse ndi tsitsi lawo. Ndiye kuti munali ndi mkazi kwina, mwamuika osatiuza." Anatola ndodo yawo. "Mwana wanga sindipereka kwa munthu wobisa maliro."

"Ndi dazi!" anakuwa Alufeo. "Gwirani muone!"

A Ackim anagwiradi. Anayendetsa chikhatho kuchokera pakhutu mpaka pakati. "Uku kuli zitsa. Apa ndi bwalo la mpira."

Magadalena anaseka mpaka kutsokomola. "Atsibweni, ine ndinaliona kale. Mphepo ya lole inawavula chipewa mu Epulo, anachithamangitsa mpaka m'ngalande."

Magadalena anavomera ukwatiwo, koma anati kunyumba kwake azidya nkhwani, mpiru ndi nyemba, ndipo kachasu asalowe. Alufeo anafunsa ngati Lamlungu lokha sangadyeko tchipisi. A Ackim anatolanso ndodo. Alufeo anati nyemba ndi zabwino.

Lero ali ndi ana awiri. Mawondo anaphwa, kuyabwa kunasiya. Tsitsi silinabwerere. Chipeso chija amapesera Magadalena.